M'foni Mwanga Simunkafa Munthu

Inalipo nyengo imene kumudzi kwathu sikunafe munthu ngakhale mmodzi. Ndikunena mudzi wa kunsi kwa Mtakataka, kumene malungo ali ndi munda wawowawo ndipo ng'ona imadziwa ana a sukulu onse ndi makalasi awo. Mvula inagwa, inakata, chimanga chinacha, anthu anakolola, koma uthenga wa maliro sunandipeze. Ine ndili ku Mua kumene ndimaphunzitsa, ndinkagwada m'tchalitchi kuthokoza Mulungu kuti imfa yatenga tchuthi kwathu. Ndinafika pouza aphunzitsi anzanga kuti akatopa ndi maliro asamukire kumudzi kwathu, malo alipo. Ndikanama, mphezi indipeze m'bafa.

Chimene chinkasunga anthu a kwathu ndi moyo chonchi chinali foni yanga.

Ndinaigula kwa mwamuna wina wochokera ku Joni amene ankafuna ndalama yobwererera. Inali yachikasu ngati papaya wakupsa, yolemera ngati mwala wonolera nkhwangwa, ndipo ukaiyatsa pagalasi pankabwera timazenera tamitundumitundu, tina tikutembenuka tokha ngati tikufuna kuona amene akubwera kumbuyo. Kunja mafoni onse a pagalasi ndi amodzi. Chosiyana chili m'kati, chimene anyamata okonza mafoni amachitcha sisitemu, ndiye kuti mwambo umene foniyo inabadwiramo ndipo singausiye. Masiku amenewo miyambo inalipo itatu, ikulimbirana anthu ngati mipingo. Unalipo wa kachidole kobiriwira, umene unatenga pafupifupi aliyense, kuyambira ogulitsa usipa mpaka akabaza. Unalipo wa chipatso cholumidwa, wa anthu amene sadziwa mtengo wa sopo. Foni ya mwambo umenewu ndinaionapo m'manja mwa mlendo wodzagula ziboliboli, ataigwira ngati khanda losakwana masiku. Ndiye unalipo wanga, wa timazenera.

Kuchokera ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, a timazenera tinalipo awiri: ine ndi bambo wina woimbitsa kwaya. Tikakumana pamsika tinkagwirana chanza nthawi yaitali ngati anthu opulumuka pa ngozi imodzi. Tinkalimbikitsana kuti kuchuluka si nzeru, ntchentche nazo n'zochuluka. Zoona, panali tina tochititsa manyazi. Anzathu a kachidole ankapatsirana nyimbo ndi mavidiyo pongoyandikizitsa mafoni, pamene yanga inkakana kulandira cha munthu ngati mlendo woopa kudyetsedwa mankhwala. Apu iliyonse yatsopano imene anthu ankaitama, ndikaifuna m'sitolo ya m'foni mwanga ndinkapeza mashelefu okhaokha. Koma tinali ndi chonyadira. Yanga inagwapo kuchoka m'minibasi n'kugwera pamsewu wa tala, lole ya thonje n'kuiponda, chimene chinaphulika ndi tayala. Dalaivala wake alipo, mukhoza kukamufunsa, ngakhale sakonda kuikamba nkhaniyi. Batire ndinkatchaja pamene ndakumbukira, ngati kumeta.

Za kachidole zinkangodwala. Matenda ake anali amodzi, kudzaza, ndipo kwa wokonza mafoni wa pa Mtakataka mankhwala analinso amodzi, kufomata, kumene ndi kuitsuka foni m'kati mpaka iiwale mwini wake. Zithunzi, manambala, nyimbo, zonse zinkapita ndi madzi.

Amene anatsukitsa foni kuposa onse ndi mnzanga wa ubwana, amene tinkagwira naye milamba m'madambo madzi akamaphwa. Atakula anakhala mkulu wa adzukulu, okumba manda a m'mudzi mwathu. Yake inatsukidwa kambirimbiri moti nambala ya mkazi wake ankachita kundifunsa ine. Ndinkamuseka, iye n'kumandibwezera.

"Iwe, foni yakoyo ili ngati munthu wopanda abale," ankatero. "Yalimba, inde. Koma ikadzafa adzailira ndani?"

Kwathu maliro n'kulirana, ndipo adzukulu ndiwo amayang'ana amene akubwera kudzalira ndi amene akungomvera kulira ali pakhonde pawo. Mwamuna wosafika pa maliro a anzake samukalipira, samuitanira pabwalo. Amangodikira. Tsiku limene maliro agwa pakhomo pake amamuperekeza kumanda mwaulemu, amamuonetsa malo, n'kumupatsa khasu, iwo n'kukakhala pamthunzi kumuonerera. Ndinaziona ndili mwana zikumuchitikira munthu wina wogwira ntchito kunjanji, ndipo ndinaseka nawo.

Ife okhala kutali uthenga unkatipeza panjinga. Panali bambo wina wachikulire, wamtali, wa njinga yopanda mabuleki, amene ntchito yake inali imeneyi. Akafika ku Mua ankatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango umene uli pakati pa sukulu ndi nyumba yanga, n'kupempha madzi, n'kufunsa za ana, za mbuzi, za denga ngati likudontha. Pomaliza, akayang'ana pansi n'kuvula chipewa, umadziwa kuti wina watisiya. Kenaka mnzanga uja anatsegula gulupu ya mudzi pa apu yochezerana imene aliyense ali nayo, iye mwini n'kukhala wolowetsa ndi kutulutsa anthu. Apu imeneyi yokha inkagwira ntchito ngakhale m'foni mwanga, ndipo ndinalowa nawo mokondwa. Uthenga ukaponyedwa mmenemo ndiye kuti mudzi wonse wauzidwa, wa ku Lilongwe ndi wa ku Joni yemwe. Palibenso amene anali ndi udindo woimbira munthu payekha. Bambo wa njinga anasiyidwa, njinga yake n'kuyamba kunyamula makala.

Mvula itayandikira, amayi a mnzangayo anagonekedwa kuchipatala, pafupi ndi kumene ndimakhala. Amayi amenewa anandisambitsapo ndili mwana, anandikwapulanso mofanana ndi mwana wawo, osakondera. Ndikaweruka ndinkapita kukawaona nditanyamula nthochi, iwo n'kumandiuza kuti ndanenepa ngati wakuba. Tsiku lotuluka mwana wawo anawajambula atakhala pakabaza, atagwira malaya a wopalasa, akuseka ndi mano awo awiri aja. Anaponya chithunzicho pagulupu ndi mawu akuti amayi atuluka, akupeza bwino, zikomo nonse.

Umenewo ndiwo uthenga womaliza umene unalowa m'foni mwanga.

Foniyo inali itachenjezapo, sindikana. Kangapo pankabwera mawu a Chingerezi onena kuti posachedwa apuyi isiya kugwira ntchito pa mafoni a mtundu uno. Ndinawawerenga monga wosuta amawerengera mawu a pa paketi ya fodya. Foni yophulitsa tayala la lole singaopsezedwe ndi chiganizo chimodzi. Komanso apuyo sinafe monga zimafera zinthu zaulemu. Inkatseguka bwinobwino, mayina onse ali m'malo mwake, chithunzi cha amayi aja chili pansi penipeni. Inangosiya kumva.

Woimbitsa kwaya ndinakumana naye Khirisimasi itapita, akubisa dzanja m'thumba. Nditamukakamiza anatulutsa ya kachidole. Anati ana a kwaya akutumizirana nyimbo iye osazilandira, Lamulungu lina anaimbitsa ina iwo akuimba ina. Ndinamutcha wogulitsa mtundu. Ndinamuuza kuti ine ndilibe vuto, gulupu ya kwathu ili zii chifukwa kwathu kulibe mavuto. Anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma anali ndi manyazi a munthu wogwa mumpingo, anangopita. Ndinatsala ndekha ngati mlambe wa pakati pa munda wa thonje.

Kumudzi ndinali ndi mlongo mmodzi, wamkulu kwa ine, wamasiye, amene anandilera amayi athu atamwalira. Mwa amuna a mbumba yathu ndinatsala ndekha, ndiye kuti pamaso pa adzukulu khasu la banja lathu linali ine. Alongo angawo anali ndi kafoni ka mabatani, komanga ndi mphira, kamene sikanalawepo mayunitsi chibadwire. Ankangofulasha: ilire kamodzi, adule. Kulira kamodziko kunkatanthauza kuti mchere watha, kapena mbuzi yabereka, kapena akungofuna kudziwa ngati ndili moyo. M'miyezi ya mvula ija kufulasha kunachuluka. Ndikaimba, kawirikawiri kafoniko kanali kumsika kotchajitsa. Ndikawapeza mawu ankadukaduka, chifukwa netiweki ya kwathu imakhala pa chulu chimodzi ndipo chulucho chinali pakati pa madzi. Ndinkangomva kuti, "Achimwene, simukubwera bwanji?" Ndinkayankha kuti ntchito, achemwali, ntchito, komanso msewu wa makande uja mvula ikagwa umameza ndi ng'ombe yomwe. Iwo ankaganiza kuti ndikudziwa zonse, ndangokula mtima. Ine ndinkaganiza kuti angondisowa.

Kumudzi ndinapita sukulu itatsekera, anthu atakolola kale. Ndinatsika minibasi pa Mtakataka n'kuyenda wapansi ndi jumbo ya shuga ndi sopo. Njira ya kwathu imadutsa m'mbali mwa nkhalango ya manda, ndipo pakati pa mitengo ndinaona milu ya dothi yatsopano, nkhata zake zisanasuluke. Ndinati mwina ndi a mudzi woyandikana nawo, abwereka malo. Munthu akakhulupirira foni amaikhulupiriradi.

Woyamba kukumana naye anali mnzanga uja, akusema mpini pakhomo pake. Ndinamufuulira ndili patali.

"Iwe wa foni yotsuka! Nambala ya mkazi wako ukadali nayo?"

Sanaseke. Anaimirira n'kundipatsa moni wa manja awiri, uja timapatsa alendo a boma.

"Mwafika, aphunzitsi."

"Ndafika. Amayi akupeza bwanji? Ndawatengera shuga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali moti nkhuku inadutsa pakati pathu, n'kubwerera, n'kudutsanso. Kenaka anati, "Mwawapitirira. Ali kumitengo mwadutsako. Shugayo kawapatseni konko." Anakhala pansi n'kupitiriza kusema.

Alongo anga ndinawapeza atagona pamphasa m'khonde, ataonda moti chitenje chinkawazungulira n'kutsalako china. Sanandikalipire. Anangonditchulira amene anapita: amayi aja, Khirisimasi isanafike, mwana wa kuseri kwa chigayo, bambo wosoka maukonde, ndi ena. Pa maliro onsewo iwo analipo, akutunga madzi, akuphikira adzukulu, chifuwa chikuwadya m'kati. Moyo wawo wonse sanaphonyepo maliro, ndipo ankafika oyamba, nthawi zina mwini maliro asanatsirizike bwino.

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse kuti mlandu si wanga. Anaikankha ndi kuseri kwa dzanja.

"Ine za timagalasi tanuto sindizidziwa, achimwene. Ndikungofunsa chimodzi. Ine ndikagona, andikumbira ndani? Inu? Ndi manja a choko amenewo?"

Ndinati asalankhule choncho, achira.

"Musandinamize. Ndinakusinthani matewera ine."

M'mawa mwake ndinali pa Mtakataka, pa kabenchi ka wokonza mafoni, pakati pa wokazinga tchipisi ndi wowotcherera njinga. Anaitembenuza foni yanga uku ndi uku, n'kuitana anzake kuti adzaone, monga amachitira asodzi akakola nsomba yachilendo. Anati foniyo ilibe matenda, ndipo ndilo vuto lake, chifukwa iye amachiza odwala. Eni ake a sisitemu imeneyi, kutsidya kwa nyanja zazikulu, anaona kuti anthu awathawira kwa kachidole ndi kwa chipatso, anatseka sitolo n'kukachita zina. Opanga ma apu nawo anati sitingaphikire mudzi wopanda anthu. Ndinamufunsa ngati sangaibatize kuti ilowe mumpingo wa kachidole.

"Madala, bakha mungamugoneke m'khola la nkhuku chaka chonse, koma sadzalira kokoliriko."

Anandigulitsa ya kachidole, yopepuka ngati bisiketi, imene inadzaza ndisanafike pa siteji. Manambala anakana kusamuka kuchoka m'yakale, chifukwa miyambo iwiriyi sidyerana m'mbale imodzi. Ndiye ndinayamba kuyenda ndi mafoni awiri, yatsopano m'thumba la malaya, yachikasu m'thumba la thalauza, ndikuyenda mopendekera mbali imodzi.

Nditatsegula apu ija m'foni yatsopano, zonse zinabwera: gulupu ya aphunzitsi, ya mphakati, ya anthu ena amene sindikudziwa kuti ndinalowamo liti. Ya kwathu yokha inandiuza kuti sindilinso mmodzi wa iwo. Mnzanga anali atanditulutsa maliro a amayi ake atangotha.

Ndinapita kwa iye ndi tambala m'khwapa, kukapepesa maliro mochedwa ndi kupempha kuti andibwezeremo. Tambala anamuyang'ana, ine sanandiyang'ane. Anati gulupu yadzaza. Ndinati imadzaza bwanji anthu akumwalira chotere? Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu anga akutuluka, ndipo akanakhala ndi mchira ndikanawagwira.

"Tambalayo bwererani naye, aphunzitsi," anatero. "Nkhani za adzukulu sizikambidwa pakhomo. Zili ndi malo ake."

Miyezi yotsatira ndinasanduka mlenje wa maliro. Ndikaona masamba oyalidwa pamsewu ndinkatsika minibasi, kaya ndi kwa yani. Ndinalira anthu a ku Golomoti amene sindinawaonepo ali moyo. Ndinanyamula nawo jeneza pa maliro a Asilamu mpaka shehe anandiitanira pambali kundifunsa ngati ndili ndi maganizo olowa. Koma adzukulu a kwathu sawerengera misozi yogwera m'midzi ya eni, ndipo nyengo imeneyo, ngati mwadala, kwathu kunalidi bata. Imfa, imene inkagwira ntchito usana ndi usiku ine ndisakudziwa, inatenga tchuthi chenicheni pamene ndinkaifuna kuti indipatse mpata woonekera.

Loweruka lililonse ndinkapita kwa alongo anga ndi mankhwala. Kuchipatala anagonako, n'kutuluka, n'kukana kubwererako. Ndikangokhala pansi, moni usanathe, ankafunsa kuti, "Akulowetsani?" Ndinkati zikuyenda. Tsiku lina anandiuza kuti anapitako okha kwa mnzangayo, atagwira ndodo, akupumira panjira.

"Anandipatsa mpando, anandipatsa madzi. Anati, mayi, inu tilibe nanu mlandu, koma khasu lili ndi mwini wake." Anatsokomola nthawi yaitali. "Sindikuopa kufa, achimwene. Ndikuopa kudikira. Ndawaonapo maliro odikira manda ine. Anthu amasiya kulira n'kuyamba kuyang'ana dzuwa."

Ndinawauza kuti ndayamba kulima kuseri kwa nyumba kuti manja alimbe. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso, ndipo ndinasangalala kuti ndawaseketsa, ngakhale ndinkanena zoona.

Linali dzuwa la Okutobala, lija limene nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Ndikuphunzitsa masamu, ndinaona pazenera njinga itatsamira mtengo wa mango uja, yakuda ndi makala mpaka mahandulo. Bambo wachikulire uja anali atakhala pamuzu. Ndinatuluka. Anapempha madzi. Anafunsa za ana, za mbuzi, za denga. Mafoni onse awiri anali m'matumba mwanga, ali chete, ndipo ndinkayankha mafunso ake limodzi limodzi, ndikutalikitsa mayankho kuti asathe. Atavula chipewa anati, "Alongo anu anandituma okha akadali ndi mawu. Anati, ine ndikadzapita mudzakwere njinga, mukawauze ndi pakamwa, mafoni awo aja ndi ogontha onse."

Kumanda tinapita m'mawa mwake kutangocha. Adzukulu anandiperekeza mwaulemu wonse. Mnzanga anayeza malo ndi bango, analemba mizere pansi ndi khasu, n'kundipatsa khasulo ndi manja awiri. Onse anakakhala pansi pa mtengo wa bwemba.

Amene sanakumbepo makande a Okutobala asandiuze za ntchito. Khasu loyamba linabwerera n'kundipatsa moni pamphumi. Lachiwiri linatulutsa moto, mdzukulu wina n'kubwera kudzayatsirapo fodya. Adzukulu amaloledwa kuseka pamaliro, ndi mbali ya ntchito yawo, ndipo tsiku limenelo anaigwira mokhulupirika.

"Aphunzitsi, gwirani kumpini, kuchitsuloko n'kwa dothi!"

"Asiyeni, akulemba kaye deti."

"Dinani pa timazenera paja, mwina dzenje litseguka lokha!"

Mnzanga yekha sanaseke. Dzuwa linakwera. Kumudzi kunkamveka amayi a mpingo akuimba nyimbo zija amaimba maliro akatsala pang'ono kutuluka m'nyumba. Anaziimba, zinatha, anayambiranso, chifukwa uthenga woti manda atha sunabwere. Nthawi imeneyo matuza anali ataphulika, mpini ukuterera ndi magazi, dzenje lili m'mawondo. Ndinkaganiza za bokosi lili m'nyumba ya malata ndi kutentha kumene kuja, ndi za munthu amene ali m'katimo, amene sanachedwepo pa maliro a wina aliyense. Apa palibe chimene ndingawonjezere. Ndayesa, sichikupezeka.

Ndikuwerama kuti ndikokolole dothi ndi manja, yachikasu ija inapulumuka m'thumba n'kugwera pa khasu. Khasulo linabenthuka, lilipo mpaka lero. Mdzukulu wina anaitola n'kuikweza m'mwamba.

"Nayi mfiti yake! Tiikwirire limodzi?"

Ndinati aipereke kwa mkulu wawo, atsegule gulupu, aone yekha zimene ine ndinkaona miyezi yonse ija. Sindinkayembekeza chifundo. Ndinkangofuna mboni, ngakhale ya pulasitiki.

Timazenera sankatidziwa, ndinachita kumulozera ndili m'dzenje: dinani apo, ayi, apo. Kenaka anasiya kudina. Pagalasi panali amayi ake pakabaza, mano awiri ali panja, ndi mawu ake omwe pansi pake, akuti atuluka, akupeza bwino. Kunsi kwa mawuwo kunalibe kanthu. Foni yake inali itatsukidwanso chichitikireni maliro aja, za anzake chimodzimodzi, ndipo chithunzi china cha amayi ake analibe. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Pa nthawiyo ndinangoona munthu wamkulu akupukuta ndi malaya galasi losada.



"Umu akupezabe bwino," anatero mnzangayo, osayang'ana munthu.

"Umo simunafe munthu," ndinatero.

Anaiika m'thumba la malaya ake n'kumanga batani. "Tambala uja sindikumufuna. Iyi ndiyo yatsala kuno." Anapinda thalauza n'kutsikira m'dzenje. "Tuluka iwe, ukutiwonongera manda. Taona mmene wapotozera, ngati mzere wa ana a sitandade wani."

Anakumba mosinthana, ndipo dothi limene linandikana ine linkawatsegukira ngati likuwadziwa mayina. Komabe nthawi inali itapita. Alongo anga tinawaika dzuwa litapendeka, anthu akutali ena atanyamuka kale kuthamangira minibasi. Amayi amene anakhala pafupi ndi bokosi anali atagwira zitenje pamphuno, mwaulemu, ngati akulira. Mpaka lero anthu a kwathu akafuna kunena za maliro ochedwa amatchula amenewa, ndipo satchula foni, kapena eni ake otseka sitolo aja. Amatchula ine.

M'gulupu anandibwezeramo sabata yomweyo, popanda moni. Tsopano ya kachidole imalira pafupipafupi, kwathu anthu akufa monga mwa nthawi zonse, ndipo ndikamva ndimanyamuka choko chili m'manja. Yadzaza kale kangapo, yatsukidwa, yaiwala. Ndi mnzanga timapatsana moni, tsiku lina wa dzanja limodzi, tsiku lina wa manja awiri, malinga ndi mmene kwachera. Yachikasu amaisunga pamwamba pa kabati, amaitchaja pamene wakumbukira, ndipo akuti batire silinatsikebe. Ndimamukhulupirira.

Sindinamuuze kuti m'foni momwemo, ukadina kazenera ka mafoni osayankhidwa, muli nambala imodzi yobwerezabwereza, ya miyezi ya mvula ija: kulira kamodzi, kudula, kulira kamodzi, kudula. Ndaganizapo zokaibwereka kuti ndingoiona. Koma ndikafika pakhomo pake ndimapezeka ndikupempha madzi, ndikufunsa za mbuzi ndi za denga, kenaka ndimatsanzika.